Halali ndi Twayyib: Zimene Zili Pansi pa Thumba

Khutba ya Lachisanu ya nyengo yokolola, yowerengedwa m'mizikiti ya m'boma la Mecanhelas

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa ndi kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini mvula ndi Mwini dzuwa, amene amameretsa mbewu m'minda yathu ndi kuika nsomba m'nyanja za Chilwa ndi Chiuta popanda ife kumulipira kanthu. Tikumuyamika, tikupempha chithandizo Chake ndi chikhululuko Chake. Ndikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, wopanda wothandizana naye, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira tsiku la Kiyama.

Pambuyo pa izi: inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mobisika, pa msika ndi m'nkhokwe.

Abale anga olemekezeka m'Chisilamu, pali chinthu chimodzi chimene Msilamu wa kuno kwathu sachita nacho chibwana, ndipo tiyamike Allah chifukwa cha icho. Akaona nyama itapachikidwa pa msika wa ku Insaca kapena pa siteshoni ya Entre-Lagos, asanafunse mtengo amayamba wafunsa kuti waizinga ndani. Akakayika amaisiya, ngakhale nkhuli itamugwira chotani. Mwana wa ku madrasa amene sanagulule n'komwe amadziwa kale kuti nkhumba, chofa chokha, magazi ndi mowa nzoletsedwa. Ichi nchuma chimene makolo anatisiyira, ndipo tisachitaye.

Koma tikatsegula Qur'an yolemekezeka tipeza kuti Allah, polankhula za chakudya, sanatchule halali yokha. Pa malo anayi liwu lakuti halali analiika pamodzi ndi linzake lakuti twayyib: mu Surah Al-Baqarah ayah 168, mu Al-Maidah ayah 88, mu Al-Anfal ayah 69 ndi mu An-Nahl ayah 114. Halali imayankha funso lakuti, kodi Allah wandiloleza chinthuchi? Twayyib imayankha funso lachiwiri: chinthuchi nchoyera ndi chabwino kodi, ndipo chikalowa m'thupi chikalimanga kapena chikaligumula? Mbuzi ikhoza kuzingidwa ndi Shehe wamkulu, mpeni wakuthwa, dzina la Allah litatchulidwa, koma ikagona masiku awiri pa mbedza ntchentche zikuitera, yasiya kukhala twayyib. Chimanga cha thukuta lako, cha m'munda wa makolo ako, ndi halali yopanda chikaiko. Koma chikavunda m'thumba sichilinso chakudya chimene Allah anakulamula kudya. Ife tagwira mwamphamvu theka la lamuloli, theka linalo talilekerera.

Taonani anyamata a kuphanga mu Surah Al-Kahf. Atadzuka ku tulo tawo tatitali anali ndi njala, anali pa mantha, ndipo ndalama ya siliva inali yowerengeka. Komabe mu ayah 19 tikumva kuti amene anamutuma ku mzinda anamuuza kuti ayambe wayang'ana chakudya choyera koposa, ndiye agule. Njala sinawachititse kugula chilichonse chimene chinali pafupi.

Tsopano imvani nkhani imene Imam Muslim anailandira kuchokera kwa Abu Hurairah, Allah asangalale naye. Tsiku lina Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa. Pamwamba pake panali poyera ndi pouma. Iye sanakhutire ndi maso. Anapisa dzanja lake m'kati mwa mulu, zala n'kukhudza chinyezi. Atamufunsa mwini malonda, iye anayankha kuti mvula ndiyo inachinyowetsa. Mtumiki anamudzudzula chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anaweruza kuti munthu wachinyengo sali mwa iye.

Tiime pang'ono pa nkhani imeneyi, pakuti ikunena za ife. Wamalondayo sananame ndi pakamwa. Sanalumbire monama, sanachepetse muyeso, ndipo chifukwa chimene anapereka chinali choona: mvula inagwadi. Tchimo lake linali kasanjidwe ka mulu basi, chabwino pamwamba, chonyowa pansi. Nanga m'miyezi ino, pamene ngolo ndi njinga zikututa, ogula akuzungulira m'midzi ndi masikelo awo, ndi angati mwa ife amene amathira chimanga choyera kukamwa kwa thumba, chofumbwa ndi chovunda chili pansi? Ndi angati amene amawaza madzi mtedza kuti usavute kuswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, n'kuusoka m'thumba usanaume? Ndi angati amene amadzaza lata ndi matemba a lero pamwamba, a sabata yatha ali m'munsi? Ena amati ndiko kuchenjera kwa malonda. Koma Imam Bukhari analandira kuchokera kwa Hakim bin Hizam kuti wogula ndi wogulitsa akanena zoona ndi kuulula chilema cha katundu, malonda awo amadalitsidwa. Akabisa ndi kunama, madalitso amafufutidwa. Ndalama yotere imafika ndithu m'thumba, koma funsani amene anaigwira ngati akudziwa kumene inapita.

M'nthawi ya Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anthu ankadziwa kuti chakudya chonyowa chimaonongeka. Lero Allah watidziwitsa zoposa pamenepo. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaumitsitse, kapena zikayanikidwa pa dothi, zimachita chuku. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni amene akatswiri amamutcha aflatoxin. Kuopsa kwa poizoni ameneyu nkwakuti saopa moto. Mungaphike nsima mpaka kupserera, mungakazinge mtedza mpaka kuda bii, iye ali momwemo. Akakhala wochepa sapha tsiku lomwelo. Amanka nadya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka munthu amatha kudwala khansa ya m'chiwindi, makamaka amene ali kale ndi matenda a hepatitis B. Kwa ana amayendera limodzi ndi kupinimbira ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi, ndipo mayi akamudya amadutsa mpaka mu mkaka wa m'mawere. Akachuluka amapha msanga. Mu 2004, kum'mawa kwa Kenya, m'madera a Makueni ndi Kitui, mvula inagwa pa nthawi yokolola, anthu n'kusunga chimanga chonyowa m'nyumba zawo. Anthu 317 anadwala, ndipo 125 anamwalira. Sichinali chimanga chakuba ayi. Chinali cha m'minda mwawo.

Pali chinthu china chimene chimachitika m'makomo mwathu, chopweteka kuposa chinyengo cha pa msika. Mlimi woona mtima amakhala pa mphasa ndi banja lake kusankha mtedza, pakuti wogula safuna wonyala, wakuda ndi wobooka. Wabwino umapita ku Cuamba kapena kutsidya ku Malawi. Nanga wosankhidwa uja umapita kuti? Sutayidwa. Umapita mu mtondo, n'kusanduka nsinjiro za m'phala la mwana. Ndiye kuti poizoni amene anali womwazika m'thumba lonse tamusonkhanitsa ndi manja athu, n'kumupereka kwa munthu wamng'ono kuposa onse m'nyumbamo, amene sangathe kukana kapena kudandaula. Mlendo tamupatsa twayyib, mwana wathu tamupatsa zotsala. Bambo, mukabwerera kunyumba lero funsani kuti nsinjiro za m'phala zikuchokera mu lichero liti.

Wina anena mumtima kuti: zimenezo nza ku Kenya, nkutali. Ndiye kumbukirani za Chitima, m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, m'dziko lathu lomwe lino. Mu Januwale 2015 anthu anamwa mowa wamasese pa mwambo wa maliro. Anthu 75 anamwalira, ndipo odwala onse pamodzi anaposa 200. Mphekesera inathamanga kuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Anthu anayamba kuyang'anana ndi diso loipa, mpaka kulozana zala. Patapita miyezi, opima anapeza kuti sinali ndulu ndipo panalibe mfiti. Unali ufa wa chimanga umene unanyowa n'kuyamba kuvunda. Anthu anaona kuti sungaphikire nsima, koma anaganiza kuti ku mowa ungathe. M'menemo munali tizilombo timene tinatulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic, amenenso samva moto.

Msilamu asanene kuti, anafera mowa wawo, ife sizitikhudza. Sitinyogodola maliro a anthu, ndipo poizoniyo sanabadwe chifukwa chakuti chakumwacho chinali choledzeretsa. Anabadwira mu ufa wovunda. Ufa womwewo ndi umene amayi athu amaphikira thobwa la pa sadaka, la pa ukwati ndi la pofuturu mu Ramadhan. Ife a m'madambo a Chilwa, amene madzi amatilowera m'nyumba zaka za mvula yambiri monga anachitira namondwe Freddy mu Malichi 2023, tili pafupi ndi ngozi imeneyi kuposa anthu ambiri. Ufa umene walowedwa madzi n'kusintha fungo kapena mtundu ulibenso ntchito ina imene ungagwire: si wa nsima, si wa thobwa, si wa zitumbuwa zogulitsa ana a sukulu.

Ndikudziwa funso limene lili pakamwa pa ambiri: Shehe, titaye chakudya ndi njala ilipoyi? Kodi kutaya si israfu? Funsoli ndi lolemera, ndipo amene sanagonepo ndi njala asalipeputse. Koma israfu imene Allah waletsa mu Surah Al-A'raf ayah 31 ndi kuononga chabwino ndi kupyola muyeso. Kukwirira poizoni si israfu. Mwa malamulo akuluakulu a Shariah muli lakuti munthu asadzipweteke ndipo asapweteke mnzake. Chovunda chikwiriridwe m'dzenje kapena chitenthedwe. Chisaperekedwe ngakhale kwa ziweto zimene timadya kapena kukama. Ndipo chisasanduke sadaka. Imam Tirmidhi analandira kuti ku Madina anthu ena ankabweretsa mikoko ya tende woipa n'kuipachika mu mzikiti kuti osauka adye. Pamenepo inatsika ayah 267 ya Surah Al-Baqarah, yoletsa kusankhira sadaka chinthu chimene mwini wake sangachilandire pokhapokha atatsinzina. Njala ya m'bale wathu tiithetse ndi chabwino. Amene Allah wamupatsa zokolola zofika nisabu, pafupifupi makilogalamu 650, kapena tinene matumba 13 a makilogalamu 50, atulutse gawo limodzi mwa magawo khumi ngati munda unathiriridwa ndi mvula. Zakaat imeneyi ikanatuluka mokwanira m'boma muno, amasiye ambiri sakanafika posesa pansi pa nkhokwe.

Njira yopewera kutaya ndiyo kusamala pa chiyambi. Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, pokonzekeretsa Iguputo zaka zisanu ndi ziwiri za chilala, sanangolamula kulima. Mu Surah Yusuf ayah 47 anaphunzitsanso kasungidwe, kuti mbewu zisiyidwe m'ngala zake. Kasungidwe ka chakudya ndi nzeru ya aneneri. Kololani pa nthawi yake, zitsononkho zisagone pa dothi. Yanikani pa mphasa, pa lona kapena pa thandala, ndipo madzulo muzilowetse kuopa mame. Pofuna kudziwa ngati chauma, tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma pang'ono, tsekani, khutchumulani, ndipo dikirani kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Aikireni mitengo pansi. Musanapite ku chigayo sankhani, petani, tsukani. Mgaiwa uli ndi chakudya chambiri kuposa ufa woyera, zimenezo nzoona, koma pokhapokha chimangacho chili choyera, pakuti poizoni wa chuku amachuluka ku madeya.

Mankhwala a anankafumbwe ali ndi muyeso wake wolembedwa, ndi nthawi yodikira musanadye. Mankhwala a thonje, a fodya ndi a tomato si a m'nkhokwe. Mapiritsi aja otulutsa mpweya wakupha asaikidwe m'nyumba yogona anthu. Amene angathe agule matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Kwa abale athu asodzi ndi ogulitsa nsomba mawu ndi achidule: kuwaza mankhwala a mbewu pa matemba, makumba kapena milamba kuti isagwidwe mphutsi ndi haramu, ngakhale nsombayo ili halali kuyambira kumutu mpaka kumchira. Chinangwa chowawa nachonso chisathamangiridwe. Chisendedwe, chiviikidwe masiku atatu kapena kupitirira mpaka chitafewa, kenako chiume bwino. Mu chilala cha 1981, ku Memba ndi madera oyandikana nawo m'chigawo cha Nampula, anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzeka mokwanira.

Ndanena zimene mwamvazi, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa nkwa Allah monga mmene kukuyenerera ulemerero Wake, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake wokhulupirika.

Abale anga, chakudya chikhoza kutuluka m'nkhokwe chili twayyib n'kudzaipira pakati pa mphika ndi pakamwa. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analamula kuvundikira ziwiya ndi kumanga kukamwa kwa zosungira madzi, ndipo anati ngati chovundikira palibe, munthu apingase ngakhale kamtengo uku akutchula dzina la Allah. Analamula wodzuka ku tulo kuti asapise dzanja m'chiwiya asanalisambe katatu. Analetsa kukodza m'madzi odikha, ndi kudzithandiza pa madooko, panjira ndi pamthunzi pokhala anthu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Chimene tatayamo chimakhala momwemo kutidikira. Kolera imene inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi inayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga, limene tikugawana nalo malire pa Nayuchi, ndipo chaka chomwecho mu Seputembala inabuka ku Lago m'chigawo chathu cha Niassa. Matenda safunsidwa chiphaso pa chipata.

Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe Certeza monga mwa muyeso wake, asungidwe movundikira, ndipo chikho chotungira chisakhale chomwera. Pa sadaka ndi pa maliro tili ndi chizolowezi chosamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira akuluakulu kutsirizira ana. Timati ndi ulemu. Koma taganizirani madzi amene akufika kwa mwana womalizira. Pochita udhu timathira madzi oyera pa chiwalo chilichonse. Chativuta nchiyani kutenga jagi ndi sopo n'kuthirirana pa chakudya? Atsogoleri a mizikiti ayambe ndiwo, kuti wina asaone ngati wanyozedwa.

Mawu otsatirawa ndi a abambo makamaka, pakuti ndi inu mwadzaza mizere iyi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Mozambique, 37 ndi opinimbira. Kupinimbira si kufupika kwa mtundu. Ndi thupi ndi ubongo zimene zinasowa zomangira pa nthawi yake, kuyambira m'mimba kufikira zaka ziwiri, ndipo zimene zatayika pamenepo nzovuta kuzibwezera. Mu Surah Al-Baqarah ayah 233 Allah watchula zaka ziwiri zathunthu za kuyamwitsa, ndipo mu ayah yomweyo waika chakudya ndi chovala cha mayi woyamwitsayo pa khosi pa bambo. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba bere lokha limakwanira. Ikatha, phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi mchere silimanga mwana. Muikidwe nsinjiro za mtedza wabwino, matemba osinja, dzira, nyemba kapena nandolo, masamba a nkhwani, bonongwe kapena chisoso, ndipo alawe dzungu, mbatata yofiira m'kati, papaya ndi mango pa nyengo yake. Palibe chimodzi mwa izi chochokera ku Maputo. Zonse zili kuseri kwa nyumba zathu. Koma timagulitsa nandolo yense, nsomba zonse ndi mazira onse, pobwera n'kumugulira mwana chakumwa cha m'botolo ndi tokhwasula ta m'mapepala, n'kumati tamukonda. Pa mphasa, mnofu wa nsomba umapita m'mbale ya bambo, mwana n'kunyambita msuzi. Ndipo m'makomo ena mayi woyembekezera amaletsedwa mazira ndi zakudya zina chifukwa cha zikhulupiriro zimene zilibe tsinde m'Buku kapena mu Sunnah, chonsecho mu Surah Al-Maidah ayah 87 Allah watiletsa kuzichita haramu zabwino zimene Iye watiloleza. Imam Abu Dawud analandira kuti kunyalanyaza anthu amene ukuyenera kuwadyetsa ndi tchimo lomukwanira munthu. Mwana akatupa mapazi, tsitsi likafiira ndi kupyapyala, kapena akamatsegula m'mimba kosalekeza, dua ichitike muli panjira yopita ku chipatala.

Kwa amene Allah wawatambasulira riziki, mayeso awo ndi ena: mafuta, shuga ndi mchere wopyola muyeso, zimene zikubweretsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga ngakhale m'midzi. Imam Tirmidhi analandira kuchokera kwa Miqdam bin Ma'dikarib chiphunzitso chakuti mimba igawidwe patatu, gawo la chakudya, la chakumwa ndi la mpweya. Gawo limene latsala m'mbale yanu lili ndi mwini wake m'mudzi momwemo.

Mufunireni madalitso Mtumiki wanu monga Allah wakulamulirani. E Allah, dalitsani ndi kupereka mtendere kwa Muhammad ndi akubanja kwake, ndipo sangalalani ndi makhalifa ake olungama Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali, pamodzi ndi maswahaba onse. E Allah, dalitsani zokolola za chaka chino, zimene zili m'munda ndi zimene zili m'nkhokwe. Tipatseni dzuwa loumitsa ndi mvula ya pa nthawi yake. Titetezeni ku chilala, ku madzi osefukira ndi ku miliri. Atetezeni asodzi athu pa Chilwa ndi pa Chiuta, ndi apaulendo athu panjira ya Cuamba ndi ya Nayuchi. Apatseni mphamvu amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, akulitseni ana athu ali athanzi, achizeni odwala athu, ndipo achitireni chisoni akufa athu. Ikani mtendere m'dziko lathu la Mozambique ndi m'maiko a anansi athu. Amin.

Imikani Swala.